Apongozi Kutsogolo, Injini Ziwiri M'manja

Tinanyamuka kwathu kwa Kapichi m'mamawa, nkhungu isanachoke pa minda ya tiyi, tili atatu: ine kutsogolo, apongozi anga m'mbuyo chapatali ndithu, ndi nkhuku yathadzi yamawangamawanga imene anaikwapatira m'khwapa. Nkhukuyo ndaiwerengera dala, chifukwa pa ulendo wonsewo inagwira ntchito yaikulu.

Chinali chaka chimene madzi anakokolola mlatho wa pa Chiromo. Uthenga unabwera ndi munthu wogulitsa nsomba zouma pa njinga, wakuti mlamu wanga Falesi, mng'ono wake wa mkazi wanga, masiku ake ayandikira. Falesi anakwatiwa ndi mnyamata wokonza njanji tsidya lina la Shire. Inali mimba yoyamba, ndipo mtsikanayo anali yekha pakati pa anthu achilendo, akungolira amayi ake. Apongozi atangomva anayamba kumanga katundu. Koma wowaperekeza ndani? Amuna awo anamwalira kalekale, alongo awo anali ku Halale, ndipo mkazi wanga, amake Esinati, anali ndi khanda kumsana. Maso onse anagwera pa ine, mkamwini.

Ana a masiku ano mwina simungaone vuto lake. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana, sadyera pamodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ine ndinali nditakhala pakhomo pawo zaka zambiri, nditabereka ana atatu, nditawamangira nkhokwe ndi kuwafolerera nyumba, koma mukanandifunsa za nkhope yawo ndikanakufotokozerani mapazi okha. Mapaziwo ndinkawadziwa bwino, chala chachikulu chakumanzere chinali chopindika. Mawu athu onse ankadutsa mwa mkazi wanga kapena mwa ana.

"Mukawafikitse amayi," anatero mkazi wanga pondipatsa chinangwa chophika cha panjira. "Falesi asakachire iwo asanafike. Ndi wamantha mwana uja."

"Nanga tizikalankhulana bwanji panjira?"

"Amayi aganiza kale. Inu muzikangomvera."

Ntchito yanga inali ya m'fakitale ya tiyi. Ndinkasamalira injini yaikulu ya dizilo imene inkazunguza malamba a makina opotera masamba: kuithira oili, kuipukuta, kumvetsera kaliridwe kake. Inali nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka ngati wapenga, choncho mzungu wa fakitale anandipatsa masiku ochepa monyinyirika. Ndinavala jekete langa lakutchalitchi, koma zikhadabo zinakana kuyera ngakhale ndinazikwecha ndi mchenga.

Pamsewu waukulu tinapeza lole ya esiteti yathu yopita kukatenga nkhuni za bulugamu cha ku Makwasa. Dalaivala anali mnzanga, sanatilipiritse. Apongozi akukwera ine ndinayang'ana kumitengo, kenako ndinakwera n'kukhala ngodya ina, nditawafulatira. Lole itangoyamba kuyenda ndinamva mawu awo, okweza bwino, m'Chinyanja chawo chokoka cha anthu okulira m'Chilomwe.

"Nkhuku iwe, uwauze bambo a Esinati kuti asunthire cha kuno anditchingeko mphepo."

Apa m'pamene ndinazindikira zimene amayiwo anaganiza. Ndinasuntha, n'kuyankha ndikuyang'ana kumwamba: "Nkhuku, uwauze amayi kuti ndamva."

Tinayenda choncho pakati pa minda ya tiyi yobiriwira, yosalala ngati yometedwa ndi lumo, azimayi ali m'mizere ndi madengu kumsana, atafunda masaka chifukwa cha mvula yowaza. Ndinayendapo msewu umenewu kangapo, koma tsiku limenelo unandikomera, chifukwa anzanga onse anali pantchito ine ndili pa lole ndi jekete.

Pa Makwasa tinadikira mpaka dzuwa litakwera, n'kupeza lole ya mmwenye wina wa sitolo yopita ku Thekerani ndi mchere, palafini ndi nsalu. Munthu aliyense shilingi imodzi. Tinakhala pamwamba pa matumba a mchere pamodzi ndi anthu ena. Msewu unali matope okhaokha. Tisanafike pa Masambanjati lole inatitimira, ndipo amuna tonse tinatsika kukakankha. Jekete langa lakutchalitchi linatembenuka mtundu n'kukhala lofiira.

Pa Masambanjati tinaima kuti injini izizire. Kumeneko nthochi ndiye kwawo. Azimayi anatizungulira ndi malichero, ndipo ine ndinafunsa mwaulemu:

"Nkhuku, uwafunse amayi ngati akufuna zakupsa kwambiri kapena zolimbako."

Mayi wina wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Abambo, muli bwinobwino inu? Mukufunsa nkhuku?"

"Ndi apongozi anga awo," ndinatero motsitsa mawu.

"Ooh! Pepani, pepani." Nkhope yake inasintha nthawi yomweyo. Anagwada pang'ono n'kuyang'ana nkhuku ija ndi ulemu wonse. "Nkhuku, uwauze amayi kuti izi zamawangazi n'zotsekemera, ndathyola m'munda mwanga. Ndipo uwauze kuti mkamwini anapeza wabwino."

Apongozi anaseka chamumtima, ndinamva mpweya wokha ukutuluka m'mphuno. Tinagula za kobiri, mayiyo n'kutiwonjezera ziwiri, ina akuti ya nkhuku.

Tinafika pa Thekerani dzuwa litapendeka. Pamenepo phiri limathera mwadzidzidzi, ndipo ukaima m'mphepete umaona chigwa chonse cha Shire pansi pako. Chaka chimenecho sichinali chigwa ayi, anali madzi okhaokha onyezimira, mitengo ya migwalangwa itangotulutsa mitu. Ine ndine munthu wa kumapiri, kusambira sindidziwa, madzi amene ndimawakhulupirira ndi ofika m'mawondo.

Lole sinapitirire chifukwa msewu wotsika unali utaduka, ndiye tinatsika wapansi. Njirayo ndi yotsetsereka, yamiyala, ndipo ukamatsika kutentha kumakulonjera pang'onopang'ono. Ndinavula jekete, kenako ndinamasula mabatani a malaya. Ndinkaganiza kuti ndizidikira apongozi, koma ndikaima ndinkangomva kuti, "Nkhuku iwe, kodi bambo a Esinati atopa kale?" Tinagona pa Muona kwa mkulu wina wa mpingo wathu, amene anatipatsa nsima ya mapira ndi mlamba wowamba. Za udzudzu wa kumeneko sindinenapo, ndingangooneka ngati wabodza.

M'mawa mwake tinalondola njira mpaka kupeza njanji, n'kuyenda pamwamba pake chifukwa ndi pokhapo panali pouma. Dzuwa lisanafike paliwombo tinali pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Madzi a Ruo anali ofiira, dothi la kwathu lomwe lija, ndipo ndinawayang'ana ngati ndakumana ndi wachibale. Shire yekha anali wotakata moti sungamve munthu akukuwa tsidya lina. Chakumunsi kwa doko kunali mlatho uja, pakati pake palibe, zipilala zokha zitaima m'madzi, madziwo akuwira pozigunda. Pamtsinjepo pankayandama zisumbu za udzu ndi bango zozuka kumadambo a kumtunda, zina zazikulu kuposa bwalo la mpira.

Katundu ankamuwolotsa pa zombo zazikulu zosalala, koma anthu ankakwera boti lachitsulo la denga la malata. Kuwoloka kunali sikisi munthu mmodzi. Wotolera ndalama ataona nkhuku anati nayonso ilipe kobiri.

"Imeneyi si katundu," anatero apongozi. "Ndi wotimasulira. Kodi womasulira amalipira?"

Nkhuku inakwera ulere.

Woyendetsa botilo anali a Zuze, bambo wamtali woonda wa Chisena, wovala chipewa chopanda mlomo. Wa ku injini anali Bizeki. Injini zake zinali ziwiri, zoliza ndi petulo kenako n'kumayendera palafini, ndipo ankaziliza popukusa handulo. Ine ndinaima pafupi kuonerera, monga amachitira munthu aliyense wa ntchito imeneyi akaona injini ya mnzake. Yoyamba inalira bwinobwino. Yachiwiri inatsokomola, handulo n'kubwerera mwamphamvu, ndipo Bizeki anakhala pansi atagwira mkono, osatha ngakhale kulira. Pamfundo pa dzanja panatupa tikuona.

A Zuze anam'manga ndi nsalu n'kutuma anthu kuti apite naye kwa dokotala. Kenako anatembenukira kwa ife.

"Boti ili ndekha sindingaliwolotse. Wina agwire chiwongolero, wina agwire injini. Mnzake wa Bizeki ali ku Nsanje, abwera mkuja kapena mtondo. Pokhapokha ngati pali wodziwa injini pano."

Ine ndinayang'ana pansi n'kubisa manja kumbuyo. Injini ndinkaidziwa, koma ya pamtunda, yomangidwa ndi mabawuti pa simenti, yosapita kulikonse. Ndinayang'ananso zipilala zija ndi madzi owira aja. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kutsitsa katundu. Pamenepo mawu aja anamveka, okweza kuposa masiku onse.

"Nkhuku iwe, tandiuza. Zikhadabo zakuda zija za bambo a Esinati, n'za mwaye kodi? Ndipo uwafunse ngati mimba imadikira mtondo."

Anthu onse anacheuka. A Zuze anabwera, anandigwira dzanja n'kulitembenuza ngati akugula nsomba.

"Pyadidi," anatero m'chilankhulo chawo, kutanthauza kuti zili bwino. "Lowani."

Injinizo zinali pakati pa boti, ina kumanja ina kumanzere, ndipo pakati pake panali kampata kongokwana munthu mmodzi woimirira. Iliyonse inkazunguza pulopela yakeyake, mapiko achitsulo opalasa pansi pa madzi. Iliyonse inalinso ndi zogwira ziwiri: chitsulo chachitali cha giya chofika m'chiuno, ndi kachitsulo kakang'ono ka moto. Injini yokana ija ndinailiza ndekha, chala chachikulu osachikoleka pa handulo, ndipo inalira ulendo wachiwiri.

"Muime apa, muyang'ane kumene tikupita," anatero a Zuze. "Dzanja lamanja injini yakumanja, lamanzere yakumanzere. Chachitalichi mukakankha, kutsogolo. Mukakoka, m'mbuyo. Chikakhala pakati injini ingolira osakoka. Musasinthe giya moto uli wambiri, muziyamba mwachepetsa, apo ayi mano a giya tikawatola ku Nsanje."

"Nanga chiwongolero chanucho n'chantchito yanji?"

"Chiwongolero chimamveka boti likamathamanga. Pamadzi oipa, pofuna kukhota msanga, timakhota ndi injini. Ndikati yakumanja m'mbuyo, yakumanzere moto, mphuno ya boti ipita kumanja pomwepo, ngati munthu wotembenukira pachidendene. Mwamva?"

"Ndamva."

"Inu mtsinje musauyang'ane. Maso ndine, inu ndinu manja."

Iwo anakwera pakansanja kawo kumbuyo kwa boti, pamene mutu wawo unkatulukira pamwamba pa denga. Kuchokera m'kampata kanga ndinkangoona miyendo yawo, ndipo iwonso sankandiona. Anthu anakwera n'kukhala pamatabwa a kutsogolo. Ndinagwira zitsulo zija, ndinapuma mwamphamvu, n'kudzutsa maso. Patsogolo panga penipeni, pa thabwa loyamba, panali mapazi awiri, lina la chala chopindika. Azimayi onse anakhala mofulatira kutsogolo poopa madzi othovoka, ndipo apongozi anga malo anawapeza pomwepo, moyang'anana ndi ine, pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanagwira nkhuku.

Thupi linachita lokha zimene linazolowera. Ndinatembenuka, kuwafulatira, n'kuyang'ana miyendo ya a Zuze. Ndipo musaganize kuti ndinachita mopanda nzeru. Ndinalingalira ndithu kuti popeza ndatembenuka, kukankha tsopano ndi kukoka, kukoka ndi kukankha. Ndinadziyamikira mumtima kuti anthu a kufakitale mitu imagwira.

"Zonse ziwiri m'mbuyo, pang'ono!"

Ndinachita, boti linachoka padoko bwinobwino.

"Pakati! Zonse ziwiri kutsogolo! Moto!"

Linayenda. Abale anga, kukoma kwake! Zaka zonse zija ndinkasamalira injini imene imalira tsiku lonse koma madzulo uipeza pomwe unaisiya. Apa ndikawonjezera moto pang'ono, boti lonse linkandiyankha kumapazi, madzi oyera n'kumatumphuka kumbuyo, doko n'kumachepa. Ndinkamvetsera injini ziwirizo n'kumasuntha tizitsulo ta moto mpaka kulira kwake kutagwirizana ngati anthu awiri oimba nyimbo imodzi. Mantha anathawa. Ndinayamba kuganiza mmene ndikafotokozere anzanga kufakitale, ndi zimene ndikawonjezerepo.

Tili pakati pa mtsinje, ndinaona miyendo ya a Zuze ikuuma.

"Chepetsani moto! Chisumbu chikubwera! Yakumanja m'mbuyo, yakumanzere moto!"

Ankafuna kuti mphuno ya boti iloze kumtunda, kumene madzi amachokera, kuti tiime polimbana ndi madzi chisumbucho chidutse kutsogolo kwathu. Ine ndinachita mwachangu ndi mwaukhondo monga anandiphunzitsira. Ya kudzanja langa lamanja ndinaibweza m'mbuyo, ya kudzanja lamanzere ndinaipatsa moto. Chimene sindinachiganize n'chakuti munthu ukatembenuka, dzanja lako lamanja limatembenuka nawe, koma injini imatsala pomwe inali. Boti linakhota msanga ndithu, koma linakhotera kumunsi, kumene kunali zipilala.

"Ndati yakumanja m'mbuyo!"

"Ndabweza!"

"Yakumanzere moto! Moto!"

Ndinawonjezera moto, boti linakhoterabe komweko, ndipo tsopano madzi anali kutikankha kumbuyo. A Zuze anaponda pansi mwamphamvu, akulimbana ndi chiwongolero chosamva.

"Kodi anthu a kumapiri simudziwa dzanja limene mumadyera?"

Ndinayang'ana dzanja langa lodyera. Linali pamalo pake, litachita zimene linauzidwa. Ndinaganiza kuti mwina giya yathyoka. Kumbuyo kwanga azimayi anayamba kulira, mwamuna wina akuitana Yesu, wina akuitana amayi ake. Pamwamba pa kulira kwa injini ndinayamba kumva mkokomo wina, wa madzi ogunda zipilala.

Apongozi anali atakhala moyang'ana kumbuyo kwa boti ngati ine, ndipo poti anali chapansi cham'mbali, ankaona zonse ziwiri: mkono wa a Zuze ukuloza mbali ina, ndi manja anga akuchita za mbali inzake. Anandiuza pambuyo pake kuti anayamba ayesa njira yathu ija. Anati, "Nkhuku iwe, uwauze atembenuke." Koma nkhukuyo inali itapulumuka kale n'kukwera pamtolo wa munthu wina, ikulira zake.

Ndinangomva manja awiri olimba andigwira m'mapewa.

"Laisoni!"

Dzina langa limenelo. Chikwatirire ndinali ndisanalimvepo likutuluka pakamwa pawo, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti amalidziwa.

"Laisoni, tembenukani! Mundiyang'ane kuno! Mwagwira mosemphanitsa!"

Ananditembenuza ngati mmene mayi amatembenuzira mwana pomusambitsa. Manja anga anagwera pa zitsulo, lamanja pa injini yakumanja, lamanzere pa yakumanzere, ndipo zonse zinandiwalira nthawi imodzi. Ndinachepetsa moto konse kuwiri. Mtima unkati fulumira, koma ndinakumbukira mano a giya, ndinadikira kuti injini zitsike. Kenako yakumanja ndinaikoka, yakumanzere ndinaikankha, n'kuzipatsa moto wonse umene zinali nawo.

Boti linanjenjemera lonse. Linayamba kuzungulira pang'onopang'ono, mochedwa ngati ng'ombe yokhuta, madzi akutikokerabe kumunsi. Ndinaona chipilala chikudutsa m'mbali mwathu, chakuda, chomata udzu, pafupi moti ndinaona ndere zake. Mphuno ya boti inaloza tsidya, kenako inaloza kumtunda.

"Zonse ziwiri kutsogolo!" anakuwa a Zuze.

Mawu awo tsopano ankachokera kumbuyo kwanga ndipo ankamira m'phokoso. Apongozi, amene ankawaona, anawabwereza kumaso kwanga: "Akuti zonse kutsogolo!"

Ndinachepetsa yakumanja, ndinaikankha, n'kuibwezera moto. Kwa kanthawi boti linangoima, injini zikukoka, mtsinje ukukoka. Kenako chipilala chija chinayamba kutsalira. Chisumbu chinadutsa chakutsogolo kwathu, mbalame zoyera zitakhala pamwamba pake ngati zalipira, n'kukadzigunda pa zipilala za pakati.

Apongozi sanabwerere pa thabwa lawo. Anaima pomwepo atagwira mzati wa denga, n'kumandipatsira mawu a a Zuze mpaka tsidya. "Akuti muchepetse yakumanzere. Akuti basi choncho." Ndipo ine, poti kothawira kunalibe, ndinawayang'ana.

Anali ndi mphini zitatu patsaya lililonse, zakalekale, za kwawo kuseri kwa malire. Tsitsi linali loyera cham'mbali. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mpata wa pakati pa mano akutsogolo, ndi kakhwinya kamodzi koima pakati pa nsidze. Mwana wanga Esinati ali nazo zonse ziwiri, ndipo zaka zonsezo ndinkadabwa kuti anazitenga kuti, poti ine ndilibe, amake alibe. Ndinamva chisoni ndi chimwemwe pamodzi. Munthu ameneyu anandipatsa mkazi, anandipatsa munda, anandilerera ana, ine n'kumangodziwa chala chake chakuphazi.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero. "Yang'anani ntchito."

Koma anali akumwetulira.

Pofika padoko la tsidya a Zuze anandiyendetsa pang'onopang'ono: yakumanja pakati, yakumanzere pang'ono, zonse m'mbuyo, zonse pakati. Boti linakhudza gombe mofewa, ngakhale dzira silikanasweka. Anthu atatsika iwo anatsika pakansanja kawo, thukuta lili chuchuchu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Munatani pakati paja?"

Ndinawafotokozera. Poyamba sanamvetse, chifukwa kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna ndipo apongozi amakhala kutali. Atamvetsa anakhala pansi pa bokosi la injini n'kuseka mpaka misozi.

"Ndayenda pamtsinje uno kuyambira ndili mnyamata. Ndaona boti likugundidwa ndi mvuu, ndaona likutsamira pamchenga. Koma lomira chifukwa cha ulemu ndikanaliona lero." Anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa apongozi, kuwathokoza m'Chisena. "Takhuta, mama. Mukafuna ntchito mubwere."

Anandipempha kuti ndiwathandize kubweza boti ndi anthu amene ankadikira tsidya limenelo, ndipo ndinavomera kuti ndichita mawa lake ndikawafikitsa amayi. Ndinawolotsa maulendo angapo mpaka munthu wa ku Nsanje uja atabwera, nditayang'ana kutsogolo nthawi zonse.

Kuchokera padoko tinayenda wapansi kulowera ku Bangula, m'mbali mwa njanji. Nkhuku inali itagwidwa n'kubwerera m'khwapa. Ine ndinatsogola monga kale, koma ndinamva mapazi aja akuyandikira mpaka tinali kuyenda mogundizana mapewa. Sitinkadziwa poyambira macheza.

Tinapeza nyumba za anthu a njanji dzuwa likupendeka. Falesi anali atakhala pakhonde atatambasula miyendo yotupa, ndipo ataona amayi ake anayesa kudzuka koma analephera, anangotambasula manja akulira ngati kamwana. Apongozi anaponya mtolo pansi n'kukamukumbatira. Ine ndi mwamuna wake tinaima patali, tonse tikuyang'ana kwina. Matenda anayamba m'bandakucha wa tsiku lotsatira, ndipo dzuwa likutuluka Falesi anachira, mwana wamwamuna, amayi ake atamugwira kumsana. Tikanadikira mtondo sitikanapeza kanthu koma nkhani.

Madzulo ake nditabwerako kumtsinje, ndinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Ndinamva mapazi, ndipo mwachizolowezi ndinayamba kutembenukira kumbali. Apongozi anazungulira n'kudzaima kutsogolo kwanga ndi mbale m'manja. Anaiika pansi, anakhala pamphasa, n'kuivundukula. Munali nyama ya nkhuku, ntchafu ndi nthutumba.

"Msuzi wamwa Falesi," anatero. "Izi n'zanu. Wotimasulira uja wapita. Tsopano tizilankhulana tokha."

Ndinadya iwo ali pomwepo, ndipo tinacheza mpaka mbale inauma. Anandifunsa za injini ya kufakitale, chimene imadya ndi chimene imalirira. Ine ndinawafunsa za mphini zija, ndipo anandiuza za ulendo umene anayenda ali kamtsikana, kuchokera kwawo kudzafika ku minda ya tiyi. Anali munthu wanthabwala kwambiri, ndipo ndinadandaula zaka zimene nthabwalazo ndinkangozimvera kuseri kwa mpanda.

Mwambo uja sindiunyoza. Unatisunga bwino zaka zambiri, sitinakanganepo ngakhale kamodzi, chinthu chimene sindinganene za zaka zotsatira. Koma ndinaphunzira pamtsinje paja kuti ulemu nawonso uli ndi kumanja ndi kumanzere kwake, ndipo pali tsiku limene umafuna kuti munthu umuyang'ane kumaso.

Mchombo utagwa, mwamuna wa Falesi anapempha apongozi kuti atche mwanayo dzina. Ine ndinali nditabwerera kale kuntchito, ndinamva iwo atafika kunyumba. Anandiuza okha, pabwalo, mkazi wanga atagwira pakamwa poona amayi ake akundilonjera ndi dzanja. Mwanayo pano ndi bambo wa ana ake, ndipo ndi mkulu wa mpingo. Anthu akamva dzina lake amagwedeza mutu n'kunena kuti agogo ake anali munthu wopemphera, anatenga dzina m'mawu a mlaliki. Iye sawatsutsa, inenso sindiwatsutsa. Dzina lake ndi Tembenukani.